Madzi Akumwa ndi Mano a Ana Athu: Mkangano wa Zaka 80

Amayi anzanga, pakhomo palibe munthu amene amadziwa madzi kuposa ife. Ndife amene timalawirira kuchitsime tambala asanatsike, ndife amene timaima pamzere pamjigo kapena pampope, ndiponso ndife timayamba kuzindikira madzi akasintha kakomedwe, akachita matope, kapena akamakana kuchita thovu pochapa. Komabe m'madzi muli zinthu zina zimene diso silingaone, mphuno singanunkhize, ngakhale lilime silingalawe. Chimodzi mwa zimenezo ndi mchere wina wa m'nthaka wotchedwa fluoride.

Mchere umenewu wakanganitsa anthu a m'maiko akutali kuyambira chaka cha 1945. Wagawanitsa matauni, wautsa zisankho, ndipo wafikitsa amayi apabanja onga ife kumabwalo akuluakulu a milandu. Funso lake ndi limodzi: kodi n'koyenera kuti boma lithire fluoride m'madzi a m'mipope kuti mano a ana asabowoke? Sabata ino tsamba lathu lifotokoza m'mene mkanganowu unayambira, zimene mbali zonse ziwiri zimanena, ndi m'mene nkhaniyi ikutikhudzira ife kuno kwathu, kumene vuto lake lili ndi nkhope ina.

Mano a mawanga ku Colorado

M'chaka cha 1901 dokotala wa mano wachinyamata, dzina lake Frederick McKay, anakayamba ntchito m'tauni ya Colorado Springs ku America. Anadabwa poona kuti anthu ambiri obadwira kumeneko anali ndi mano a mawanga oderako, ena akuda ndithu. Eni dera anali ndi zonena zawo. Ena ankati n'chifukwa chodya nyama ya nkhumba kwambiri, ena ankati ndi mkaka woipa. McKay sanakhutire nazo. Mu 1909 anaitana katswiri wina wa mano, G. V. Black, ndipo awiriwa anapeza zinthu ziwiri. Choyamba, mawangawo ankayamba mwana akadali wamng'ono, mano achikulire asanatuluke, kotero kuti munthu wosamukira kumeneko atakula kale sankawagwira. Chachiwiri, mano a mawangawo, ngakhale anali osaoneka bwino, sankabowoka msanga.

Amene anaonetsa njira anali makolo wamba. Mu 1923 McKay anapita m'tauni yaing'ono ya Oakley, m'chigawo cha Idaho, kukaonana ndi makolo amene ankadandaula za mano a ana awo. Iwo anamuuza kuti mawanga anayamba kuoneka tauniyo itaika mpope wotenga madzi kukasupe wina wa madzi ofunda. McKay anayeza madziwo koma sanapeze kanthu, pakuti zipangizo za masiku amenewo zinali zosakwanira. Komabe analangiza kuti kasupeyo amusiye, ndipo anthu anamvera. Patapita zaka zingapo ana ang'onoang'ono anayamba kumera mano oyera bwino. Makolo aja sankadziwa dzina la chimene chinkawononga mano, koma ankadziwa ana awo ndi madzi awo, ndipo zimene anaona zinali zoona.

Dzinalo linadziwika mu 1931, pamene katswiri woyeza zinthu, H. V. Churchill, anapeza fluoride wochuluka m'madzi a tauni ya Bauxite ku Arkansas, kumene kunalinso vuto lomwelo. Pambuyo pake dokotala wa boma, H. Trendley Dean, anayenda m'mizinda yambiri kufanizira mano a ana ndi madzi amene ankamwa. Anaona kuti kumene fluoride anali pafupifupi miligalamu imodzi pa lita imodzi ya madzi, mano sankabowoka kwambiri ndipo mawanga anali ochepa. Muyezo umenewu ndi waung'ono zedi. Uli ngati kasupuni ka tiyi kamodzi kothiridwa m'migolo 25 ya malita 200.

M'mene fluoride amagwirira ntchito

Tikadya shuga, maswiti, mabisiketi kapena zakumwa zotsekemera, tizilombo tosaoneka timene timakhala m'kamwa timadya zotsalira zake n'kutulutsa asidi. Asidi ameneyo amasungunula pang'onopang'ono chikuto cholimba cha dzino mpaka pachitika bowo. Malovu amayesetsa kubwezeretsa zimene zasungunukazo, ndipo fluoride akakhalapo pang'ono m'kamwa, ntchito yobwezeretsayo imafulumira, chikuto chatsopano chimakhalanso cholimba. Koma akachuluka m'thupi la mwana panthawi imene mano akuumbika m'kati mwa nkhama, kuyambira ali wakhanda kufikira zaka 8, amasokoneza kaumbidweko. Mano amatuluka ndi timizere toyera ngati choko, ndipo vutolo likakula amadera n'kumabenthuka. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka kwambiri kwa zaka zambiri, ngakhale mafupa ndi mfundo za thupi zimauma ndi kupweteka. Chotero chinthu chomwecho chimene chili mankhwala chikachepa, chimasanduka matenda chikachuluka.

Pa 25 January 1945 mzinda wa Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan, unakhala woyamba padziko lonse kuthira fluoride m'madzi a m'mipope mwadala. Madokotala anatsatira mano a ana asukulu pafupifupi 30,000, ndipo patatha zaka 11 analengeza kuti kubowoka kwa mano mwa ana obadwa ntchitoyi itayamba kunatsika ndi magawo oposa 60 mwa 100. Mizinda ina yambiri inatengera. Birmingham ku England ndi Dublin ku Ireland inayamba mu 1964. Pofika 2022 anthu oposa 200 miliyoni ku America ankamwa madzi a fluoride.

Zimene mbali ziwirizi zimanena

Ovomereza amati kupweteka kwa dzino sikusankha, koma chithandizo chake chimasankha. Mwana wa munthu wolemera amapita kwa dokotala wa mano, ali ndi mswachi ndi mankhwala otsukira mano. Mwana wa mmphawi amagona akulira, amajomba kusukulu, mapeto ake dzino limazulidwa. Madzi okha ndiwo amafika m'nyumba iliyonse mosayang'ana thumba la munthu, ndipo mtengo wothira fluoride ndi wochepa poyerekeza ndi wa kumata kapena kuzula mano. Amafanizira ndi ayodini amene amathiridwa mumchere kuti anthu asatupe pakhosi, kapena vitamini A amene amathiridwa mushuga, zinthu zimene ifenso kuno timazidziwa.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zawo. Amati klorini amathiridwa kuti ayeretse madzi, pamene fluoride amathiridwa kuti achize munthu, ndipo munthu sayenera kupatsidwa mankhwala asanavomere. Amatinso dokotala akamapereka mankhwala amaona msinkhu ndi thanzi la wodwala, koma mpope suona zimenezo: wogwira ntchito padzuwa amamwa madzi ambiri, wodwala impso amamwa omwewo, ndi khanda lomwa mkaka wa m'chitini wosungunula ndi madzi apampope limalandiranso. Za mchere amayankha kuti munthu angasankhe mchere wogula, koma madzi a m'nyumba mwake sangawasankhe.

Sitingabise kuti pamkanganowu panalowanso mphekesera. M'zaka za m'ma 1950, America ali paudani ndi Russia, ena ankafalitsa zoti fluoride ndi chiwembu cha Akomyunizimu chofuna kufooketsa anthu. Zimenezo zinalibe umboni, ndipo zinachititsa kuti ngakhale ofunsa mafunso anzeru aziyesedwa osokonezeka mutu. Maiko ena a ku Ulaya anasankha njira zawo mwakachetechete. Sweden inachotsa lamulo lololeza ntchitoyi mu 1971, Netherlands inaleka m'zaka za m'ma 1970 bwalo lalikulu litagamula kuti panalibe lamulo loiloleza, ndipo Switzerland, Germany ndi France amagulitsa mchere wothira fluoride kuti wofuna agule.

Mayi wa ana asanu atengera boma kubwalo

Mu 1960 nyumba ya malamulo ya ku Ireland inakhazikitsa lamulo loti madzi a m'mipope azithiridwa fluoride. Mayi wina wa mumzinda wa Dublin, Gladys Ryan, mayi wapabanja wa ana asanu, sanagwirizane nazo. Iwo anati kusamala thanzi la ana ndi udindo wa makolo, ndiponso kuti boma lilibe mphamvu yolowetsa chinthu m'thupi la munthu popanda chilolezo chake. Sanangodandaulira pakhonde. Anasumira boma kubwalo lalikulu.

Mlanduwo unazengedwa mu 1963 kwa masiku 65, ndipo kunabwera akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana kudzapereka umboni. Woweruza, John Kenny, anagamula kuti umboni sunasonyeze kuti fluoride wa muyezo umenewo ndi woopsa, motero Mayi Ryan anagonja. Anachita apilo, koma chaka chotsatira bwalo lalikulu koposa linagwirizana ndi chigamulo choyamba, ndipo mipope ya ku Dublin inayamba kuthiridwa fluoride.

Koma taonani chimene chinatsalira. Pogamula mlanduwo, bwalo linavomereza kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu woti thupi lake lisaloweredwe mwachisawawa, ngakhale ufuluwo sunalembedwe mwatchutchutchu m'malamulo aakulu a dzikolo. Mfundo imeneyi inakhala maziko a milandu ina yambiri yokhudza ufulu wa munthu ndi wa banja, ndipo ophunzira zamalamulo ku Ireland amaphunzira dzina la Ryan kufikira lero. Mayi amene analuza mlandu wake anasiyira dziko lonse cholowa. Ndipo mu 2007 boma la Ireland, ngakhale linapitiriza ntchitoyi, linatsitsa muyezo wa fluoride pofuna kuchepetsa mawanga a mano.

Agogo opanda mano a ku Glasgow

Nkhani yachiwiri inachitika ku Scotland. Khonsolo ya chigawo cha Strathclyde itaganiza zothira fluoride m'madzi, agogo ena a mumzinda wa Glasgow, Catherine McColl, anaikaniza kubwalo. Wodandaulayo analibe ndi dzino limodzi lomwe m'kamwa. Koma kumeneko n'kumene kunali mphamvu ya mlandu wawo: bwanji munthu amene fluoride sangamuthandize akakamizidwe kumumwa?

Umboni unamvedwa kwa masiku 201, ndipo unali umodzi mwa milandu yaitali koposa m'mbiri ya dzikolo. Mu 1983 woweruza, Lord Jauncey, anapereka chigamulo chimene chinapatsa mbali iliyonse kanthu. Anati umboni wasonyeza kuti fluoride amachepetsadi kubowoka kwa mano ndipo sunasonyeze kuti amayambitsa khansa monga ankanenera otsutsa. Koma anatinso lamulo limene linalipo linangopatsa khonsolo ntchito yopereka madzi abwino, silinaipatse mphamvu yothiramo zoteteza mano. Ntchitoyo inaima. Mu 1985 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakonza lamulo latsopano lololeza, komabe Scotland sinabwererenso kunjira imeneyo. M'malo mwake, kuyambira 2006, inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Childsmile, imene ana a m'sukulu za mkaka amatsuka mano tsiku ndi tsiku moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, pogwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mano a ana a kumeneko akhala akusintha n'kukhala abwinopo. Apa tikuphunzira kuti kukana chinthu kumafuna kuti wokanayo abweretse china m'malo mwake, pakuti mano a ana sadikira kuti akulu athetse mkangano.

Mizinda iwiri, mayankho awiri

M'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Canada nkhaniyi imagamulidwa ndi voti, monga m'mene ife tinachitira pa riferendamu ya 1993. Mu 2012 makhansala a mzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon, anagwirizana zoyamba kuthira fluoride osafunsa anthu. Otsutsa anayenda khomo ndi khomo, m'misika ndi m'misewu, ndipo m'mwezi umodzi anasonkhanitsa maina oposa 30,000 okakamiza kuti pachitike chisankho. Mu May 2013 anthu pafupifupi 60 mwa 100 alionse anavota kukana, ngakhale mabungwe ambiri a zaumoyo anali kumbali yovomereza. Kanali kachinayi mzindawo kukana kuyambira 1956.

Ku Calgary, m'dziko la Canada, zinayenda mwina. Mzindawu unayamba kuthira fluoride mu 1991, koma mu 2011 makhansala anaganiza zoleka. Mzinda wa Edmonton, wa m'chigawo chomwecho, unapitiriza. Ofufuza a payunivesite ya Calgary, motsogozedwa ndi mayi wina, Lindsay McLaren, anafanizira mano a ana a sitandade 2 m'mizinda iwiriyi. Patatha zaka 7 kapena 8 chilekereni, anapeza kuti ku Calgary ana pafupifupi 65 mwa 100 anali ndi mano obowoka, pamene ku Edmonton anali 55 mwa 100. Nthawi imeneyi amene anayenda khomo ndi khomo anali makolo ndi madokotala ofuna kuti fluoride abwerere. Pachisankho cha 2021 anthu pafupifupi 62 mwa 100 anavomera, ndipo mu June 2025 ntchitoyo inayambiranso. Walira mvula walira matope: njira iliyonse imene mzinda wasankha ili ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri amene amalipira ndi ana amene savota.

Zimene zadziwika m'zaka zaposachedwa

Tsiku la lero silili ngati 1945. Masiku amenewo mankhwala otsukira mano analibe fluoride, pamene tsopano ambiri ali naye. N'chifukwa chake mu 2015 boma la America linatsitsa muyezo wake kufika pa mamiligalamu 0.7 pa lita. Mu 2024 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linapeza kuti phindu la fluoride wa m'madzi lilipobe koma lachepa. M'kafukufuku wa chisanafike chaka cha 1975 mwana aliyense ankapulumutsa pafupifupi mano awiri, pamene m'kafukufuku wa pambuyo pake ndi pafupifupi dzino limodzi pa ana anayi.

Chaka chomwecho bungwe la boma la America lotchedwa National Toxicology Program linatulutsa lipoti lonena kuti pali umboni wapakatikati wosonyeza kuti ana omwa madzi a fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amatsikirako pa mayeso a nzeru. Umboni wambiri unachokera m'madera a fluoride wachilengedwe wochuluka, monga ku China ndi ku India, ndipo lipotilo linanena poyera kuti silinapeze umboni wokwanira woweruzira muyezo wa 0.7. Mu September 2024 woweruza Edward Chen wa ku San Francisco analamula bungwe loona zachilengedwe kuti lichitepo kanthu pa chiopsezocho, ngakhale ananena kuti sakugamula motsimikiza kuti madziwo akuvulaza anthu. Mu 2025 zigawo za Utah ndi Florida zinaletsa kuthira fluoride m'madzi, pamene mabungwe a madokotala a mano ndi a ana anapitiriza kuchirikiza ntchitoyi. Pa chinthu chimodzi onse amagwirizana: fluoride wopitirira muyezo ndi woipa, makamaka kwa ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire ake pa mamiligalamu 1.5 pa lita.

Nanga kwathu kuno?

Mfundo yomalizayi ndiyo ikutifikitsa pakhomo. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene chadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania n'kudzafika ku Nyanja ya Malaŵi ndi kumtsinje wa Shire. Miyala ina ya m'chigwachi ili ndi fluoride wachilengedwe, ndipo madzi a pansi pa nthaka akakhalitsa m'miyalayo amamutenga. Ofufuza apeza mijigo ndi zitsime za fluoride wopitirira malire a WHO m'madera ena monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ndi m'mbali zina za Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. Akasupe a madzi otentha, amene ena amawatcha mawira, kawirikawiri amakhala naye wochuluka, monga kasupe wa ku Oakley uja. Chotero pamene anzathu akutsidya akukangana za kuthira, m'midzi yathu ina nkhawa ndi ya kuchotsa.

Ambiri a ife taonapo mwana wa mano oderako, mwina tamukalipira kuti satsuka m'kamwa. Mtsikana wotere amakula akuphimba pakamwa poseka, anzake akumunena, pamene cholakwa si chake. Mawanga a fluoride sachoka ndi mswachi, phulusa kapena makala, ndipo kukwecha mwamphamvu kumangowonjezera kuperepesa dzino. Chizindikiro chake ndi ichi: mawangawo amaoneka pa mano a mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo amapezeka mwa ana ambiri amene anakulira pamadzi amodzi. Mjigo wina ungakhale ndi fluoride wochuluka pamene wina wa m'mudzi woyandikana uli bwinobwino.

Pano tichenjezane kwambiri. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa fluoride, ndipo madzi akaphwera pamoto iye amatsalira momwemo. Klorini nayenso samuchotsa. Komanso tisathawe mjigo n'kuthamangira kumtsinje kapena kudambo chifukwa cha nkhani ino. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mawanga a mano amabwera pa zaka, koma kolera imatenga mwana tsiku limodzi. Madzi otetezedwa sasiyidwa kufikira atapezeka ena otetezedwa.

Zimene mayi angachite pakhomo

Mwana ayambe kutsukidwa mano akangomera, kawiri patsiku, makamaka usiku asanagone. Wosakwana zaka 3 muikireni mankhwala ochepa ngati kanjere ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo, ndipo mumuphunzitse kulavula, asameze. Chubu cha mankhwalawo chisungidwe patali, pakuti ana ena amanyambita ngati switi. Ngati m'dera lanu ana ambiri ali ndi mano a mawanga, funsani kuchipatala za muyezo woyenera mwana wanu. Chepetsani shuga m'phala ndi mutiyi, ndipo zotsekemera zisakhale za tsiku ndi tsiku, chifukwa gwero la kubowoka kwa mano ndi shuga. Yamwitsani mwana, popeza mkaka wa m'mawere uli ndi fluoride wochepa kwambiri ngakhale mayi akumwa madzi a m'dera lovutalo. Madzi a mvula nawonso ali ndi fluoride wochepa, ndipo akakololedwa padenga laukhondo, kusungidwa movundikira ndi kuthiridwa klorini kapena kuwiritsidwa, angathandize ana aang'ono kwa miyezi ingapo.

Zimene amayi angachite pamodzi

Mutu umodzi susenza denga. Ambiri a ife tili m'makomiti a mijigo, m'mabungwe a amayi a kumpingo, m'mabanki a m'mudzi ndi m'makomiti a sukulu. Kumeneko n'koyambira. Choyamba ndi kuona ndi kulemba, monga anachitira makolo a ku Oakley: ndi ana angati ali ndi mawanga, a zaka zingati, ndipo anakulira pamadzi ati? Aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo angathandize pa kawerengedweka. Chachiwiri ndi kutengera nkhaniyo kwa amfumu ndi kukomiti ya chitukuko, kuti kalata ipite kuofesi ya zamadzi ya m'boma lanu kupempha kuti madzi ayezedwe. Pemphani kuti zotsatira zake zibwere zolembedwa, ndi nambala yake, kuti muifanizire ndi 1.5 uja. Mjigo watsopano ukamakumbidwa, kaya ndi boma, bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino, funsani mwaulemu ngati madzi ayezedwa fluoride musanaulandire. Amayi a m'tauni nawo ali ndi ufulu wofunsa bungwe limene limawagulitsa madzi kuti liwaonetse zotsatira za kuyeza kwake. Safunsa anadya phula.

Madzi akapezeka ndi vuto, njira zilipo. Yapafupi ndi kugawa ntchito: mjigo wa fluoride wochuluka ukhale wochapira ndi wosambira, madzi akumwa ndi ophikira azichokera kumene kwayezedwa n'kupezeka bwino. Ku Nakuru m'dziko la Kenya ndi kumadera a Arusha ku Tanzania anthu amasefa madzi ndi makala a mafupa a ng'ombe owotchedwa mwaukatswiri, amene amagwira fluoride. Ku India kuli njira yotchedwa Nalgonda, yogwiritsa ntchito alamu ndi laimu. Njira zimenezi zimafuna wodziwa woziyang'anira, choncho n'zoyenera kuzipempha kudzera kwa a zamadzi, osayesa patokha.

Pomaliza, tisamale ndi zimene timamva. Masiku ano uthenga umayenda pafoni mofulumira kuposa moto wa m'tchire, wina woopseza, wina wonyoza aliyense wofunsa. Wina akakuuzani kuti fluoride ndi poizoni, kapena kuti alibe vuto lililonse, mufunseni mafunso atatu: wochuluka bwanji, kwa munthu wa msinkhu wanji, ndipo anayeza ndani? Amayi a ku Dublin ndi ku Glasgow anaima mbali ina, makolo a ku Calgary anaima mbali ina, koma onsewo anabwera poyera ndi mfundo zawo, analola kuti ziyesedwe, ndipo anapirira zaka zambiri osatopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa m'mawa, mwana wanu akamadzuka, muuzeni amwetulire ndipo muyang'anitsitse mano ake. Mukakumana ndi anzanu kumjigo, afunseni zimene aona mwa ana awo. Ngati m'dera lanu muli vuto lotere, kapena ngati gulu lanu linayesapo kupempha kuti madzi ayezedwe, tilembereni kalata kutsamba lino kuti amayi a madera ena aphunzirepo.